Kodi Nkwanzeru Kulipiriratu Matenda a Galimoto Yatsopano?

 Mwezi uno tifuna kukambirana za galimoto zonyamula katundu, ndiye kuti mavani ndi malole, makamaka za mapepala aja amene wogulitsa amakuyalirani pa tebulo mutamvana kale mtengo. Amakuuzani mwaulemu ndithu kuti mukaonjezerapo ndalama zakutizakuti, masevisi onse adzakhala olipiriratu, ndipo injini ikadzafa m'caka cacinai kapena cacisanu, iwo ndiwo adzaikonza. Mau ake ndi okoma, ndipo amabwera pa nthawi imene mtima uli m'mwamba, maso ali pa makiyi. Funso lathu ndi ili: kodi ndalama yoonjezerayo imabwerera kwa mwini galimoto, kapena imatsalira kwa wogulitsa?

Ena adzati nkhaniyi siitikhudza, popeza ambiri a ife tikafuna galimoto timaitanitsa yakale ya ku Japan, imene imatsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowera pa Nakonde. Nzoona. Koma galimoto zatsopano zikugulidwa pakati pathu ndithu. Akugula ndi makopaletivu a alimi, masukulu, zipatala za mishoni, maparishi, amalonda, ndiponso mabanja ena amene bambo kapena mai walandira ndalama zake zopumira pa nchito, naganiza zoziika zonse mu lole imodzi kuti iwadyetse mu ukalamba. Ambiri a inu mumakhala m'makomiti amene amasaina mapepala otere m'malo mwa anthu ena. Ndalama zake ndi thukuta la zaka makumi atatu, kapena ndi zimene anthu anasonkha pogulitsa cimanga, nshawa ndi thonje. Ndalama yotere siyenera kutuluka m'thumba cifukwa ca manyazi okana munthu wovala tayi.

Mapangano anai osiyana

Poyamba tisiyanitse zinthu zimene ogulitsa amakonda kuzichulira pamodzi monga ngati ndi cinthu cimodzi.

Pangano loyamba ndi waranti ya wopanga galimoto. Ili ndi lonjezo la fakitale lakuti citsulo cina cikafa cifukwa cakuti cinapangidwa molakwika, adzacikonza kapena kuikapo cina inu osalipira kanthu. Waranti imeneyi imabwera ndi galimoto iliyonse yatsopano, ndipo mtengo wake uli kale m'kati mwa mtengo wa galimotoyo.

Laciwiri ndi pulani ya sevisi. Apa mumalipiriratu masevisi aja olembedwa m'buku la galimoto: kusintha oilo, mafyuluta a oilo, a mpweya ndi a dizilo, pamodzi ndi malipiro a makanika. Siipitirira pamenepo.

Lacitatu ndi pulani yaikulu, imene imaonjezapo zitsulo zimene zimatha ndi kuyenda, monga mabuleki, kilachi ndi mashoko. Imeneyi ndi yodula kwambiri kuposa ya sevisi. Matayala, dizilo ndi magalasi kawirikawiri sizikhalamo.

Lacinai ndi waranti yoonjezera. Dzina lake ndi lonyenga pang'ono, pakuti kwenikweni imeneyi ndi inshuwalansi. Mumalipira lero kuti injini, giyabokosi kapena difu ikadzafa waranti ya fakitale itatha kale, wina adzakulipirireni.

Munthu amene sanasiyanitse zinaizi amabwerera ku galaji kilachi itapsa, ali ndi cikhulupiriro conse kuti analipira kale, nkukamva kuti pepala lake ndi la oilo ndi mafyuluta cabe. Pamenepo mkangano umabuka, koma wolakwa saoneka, cifukwa zonse zinalembedwa ndipo iye anasaina.

Zaka kapena makilomita

Pangano lililonse la zinaizi lili ndi malire awiri, a zaka ndi a makilomita, ndipo limatha pamene limodzi mwa awiriwo layamba kukwana. Titenge citsanzo ca ku South Africa, kumene mavani ambiri amene timawaona m'misewu yathu amapangidwira: Toyota Hilux ku Durban, Isuzu D-Max ku Gqeberha, mzinda umene kale unali kuchedwa Port Elizabeth, ndi Ford Ranger ku Pretoria. M'caka ca 2023, kumeneko Hilux inali kugulitsidwa ndi waranti ya zaka 3 kapena makilomita 100,000. Ranger, zaka 4 kapena makilomita 120,000. D-Max, zaka 5 kapena makilomita 120,000. Malire a kuno kwathu amaikidwa ndi wogulitsa wa kuno, conco muwaone ndi maso anu pa pepala limene mwapatsidwa.

Tsono tiyeni tiwerengere limodzi. Kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570. Galimoto imene imapita ndi kubwerako kamodzi pa sabata imayenda makilomita 1,140, ndipo pa masabata 50 yayenda makilomita 57,000. Galimoto yotere imakwanitsa makilomita 100,000 zisanathe zaka ziwiri. Wogulitsa akamati "zaka zisanu", mwini lole ya malonda ayenera kumva kuti "makilomita angati?" cifukwa kwa iye zaka sizidzafika nkomwe. Koma vani ya pa sukulu kapena pa parishi, imene mwina imayenda makilomita 10,000 pa caka, ili ndi vuto lina: zaka zidzatha galimoto ikali ngati yatsopano, ndipo ndalama yoonjezerayo idzakhala italondera injini imene sinagwire nchito yoti nkuidwalitsa.

Pali msampha winanso. Mapepala ena akanena kuti waranti yoonjezera ndi ya zaka zisanu, amayamba kuwerenga kucokera tsiku limene galimoto inagulidwa. Ngati fakitale inapereka kale zaka zitatu, ndiye kuti inu mwagula zaka ziwiri cabe. Funsani kuti pangano liyamba liti ndipo litha liti, ndipo masiku ake alembedwe.

Waranti yoonjezera: apindula ndani?

Palibe kampani imene imagulitsa cinthu kuti iluze. Kuti kampani ya waranti ikhalepo, ndalama zimene imatolera kwa ogula onse ziyenera kuposa zimene imalipira pokonzetsa galimoto zao, ndipo pa zotsalazo ilipire anchito ake, ilipire gawo la wogulitsa amene anakunyengererani, nipezenso phindu. Ici si cinyengo iai, ndi mmene malonda a inshuwalansi amayendera kulikonse. Koma citanthauza kuti tikaika ogula onse pamodzi, ambiri amalipira zoposa zimene adzalandira.

Kumapeto kwa caka ca 2013, bungwe la ku America lochedwa Consumer Reports, limene limayesa katundu m'malo mwa ogula, linafunsa anthu oposa 12,000 amene anagula waranti yoonjezera. Pa anthu 100 alionse, 55 sanaigwiritsepo nchito ngakhale kamodzi mpaka inatha. Mtengo wapakatikati umene analipira unali wopitirira pang'ono madola 1,200, pamene aja amene anaigwiritsa nchito anapulumutsa madola 837 mwapakatikati. Ndiye kuti ngakhale amene galimoto zao zinadwaladi, ambiri sanabweze ndalama yao yonse. Misewu ya ku America ndi yosiyana ndi ya ku Chama kapena ku Nyimba, koma masamu a wogulitsa inshuwalansi ndi amodzimodzi.

Cifukwa cake cimamveka tikaona mmene makina amafera. Citsulo cimene cinapangidwa molakwika sicicedwa kudziulula. Cimafa m'miyezi kapena m'zaka zoyamba, pamene waranti ya fakitale ikali yamoyo. Zikadutsa zaka zimenezo, galimoto yosamalidwa bwino imalowa m'nyengo ya bata. Matenda a ukalamba amadza pambuyo pake, makilomita ataculuka kwambiri. Waranti yoonjezera imakonda kukhala pakati pomwepo, m'nyengo ya bata, ndipo imatha matenda aakulu ali pafupi kuyamba.

Ndiye pali ndime zija za tizilembo ting'onoting'ono, zochula zimene kampani siidzalipira. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiyeni titsegule mkuyuwo tione, pakuti zambiri zolembedwa m'menemo ndizo zimene timacita tsiku ndi tsiku.

Katundu wopitirira muyeso. Vani ya tani imodzi iyenera kunyamula matumba 20 a makilogalamu 50, ndipo pamenepo mucotsepo kulemera kwa dalaivala ndi okwera. Lole ya matani atatu, matumba 60. Nanga ndani wa ife sanaonepo vani itasenza matumba 35, pamwamba pake pali njinga, mbuzi ndi anthu asanu ndi mmodzi? Difu kapena masipuling'i zikathyoka motero, makanika wa kampani amaziona, ndipo pepala lanu silidzakuthandizani.

Kusintha kapangidwe ka galimoto. Timakonda kuonjezera masipuling'i, kukweza mbali za bodi, kapena kulumikiza mawaya a nyali ndi mawailesi kwa mnyamata wa pa msika. Cimene cafa cifukwa ca kusinthako sicilipiridwa.

Dizilo wakuda. Injini za masiku ano zimapopera dizilo ndi mphamvu yoposa ya mpweya wa m'tayala kuwirikiza mazana ambiri, kudzera m'timabowo tosaoneka bwino ndi maso. Kadontho ka madzi, fumbi kapena palafini wosakaniza zimaononga pampu ndi mainjekita. Dizilo wa m'zigubu wa m'mbali mwa mseu amaoneka wochipa, koma kampani ikapima nkupeza zonyansa m'thanki, mlandu ndi wanu.

Madzi. Kuoloka mtsinje wodzaza m'nyengo ya dzinja, madzi nkulowa mu injini, imeneyo imawerengedwa ngati ngozi, osati kulakwa kwa fakitale.

Kudumpha sevisi. Mukapitiriza makilomita, kapena buku likasowa cidindo cimodzi, kampani ikhoza kukana pangano lonse.

Pomaliza, ngakhale atavomera kukonza, salipira zimene mwataya galimoto ili ciimire. Tomato amene waolera pa Luangwa, masabata atatu odikira sipeya yocokera kunja, ngongole ya ku banki imene siidikira, zonsezo ndi zanu.

Kodi tsono tinene kuti waranti yoonjezera ndi yacabe kwa aliyense? Iai. Galimoto za lero zili ndi tabo, makompyuta, ndi magiyabokosi odzisintha okha, zinthu zimene makanika wa pansi pa mtengo wa mango sangazitsegule ndi sipanala ndi nyundo monga anali kucitira ndi Land Rover kapena Bedford zakale. Cimodzi mwa izi cikafa, mtengo wake ukhoza kumeza phindu la caka cathunthu. Banja limene lili ndi lole imodzi yokha, yogulidwa pa ngongole, lopanda kanthu kumbali, likhoza kugwa ndi matenda amodzi otere. Cakudza siciimba ng'oma. Inshuwalansi inapangidwira tsoka limene munthu sangathe kulisenza yekha. Ngati kufa kwa giyabokosi kungakulanditseni galimoto ndi nyumba, waranti yoonjezera ili ndi malo ake, cinkana masamu ake akomera kampani. Koma ngati mungathe kukonzetsa ndi ndalama zanu, ngakhale movutikira, musalipire wina kuti akusenzereni mtolo umene mukhoza kuunyamula.

Ndipo ngakhale mwaifuna, palibe cokuthamangitsani. Nthawi zambiri waranti imeneyi imagulika nthawi ina iliyonse ya fakitale isanathe. Mukadikira zaka ziwiri mudzakhala mutaidziwa galimoto yanu, mutaona ngati ili yolimba kapena yodwaladwala, mutadziwanso ngati mufuna kuisunga kapena kuigulitsa. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Funso lina lofunika ndi ili: walonjeza ndani? Mapepala ena ndi a kampani yopanga galimoto, ena ndi a kampani ina yapadera imene wogulitsa amangoigulitsira. Lonjezo la zaka zisanu limalimba ngati wolonjezayo adzakhalapo zaka zisanuzo. Ife a m'badwo uno tinaona ndi maso athu Zambia Airways ikutsekedwa mu 1994, UBZ mu 1995, ndi banki ya Meridien BIAO ikugwa caka comweco. Ngakhale kampani yaikulu ya General Motors inacoka ku South Africa mu 2017, nisiya kugulitsa Chevrolet kumeneko. Ngati pepala lanu ndi la inshuwalansi, funsani dzina la kampani imene yaima kumbuyo kwake, ndipo mutsimikize kuti ili ndi cilolezo ca bungwe la boma loyang'anira za inshuwalansi ndi penshoni, la PIA.

Pulani ya sevisi: apa pensulo igwira nchito

Nkhani ya pulani ya sevisi ndi yosavuta, cifukwa pano palibe zolota. Sevisi idzacitika ndithu, ndipo buku la galimoto linena kuti idzacitika kangati. Pemphani galaji kuti ikulembereni mtengo wa lero wa sevisi iliyonse imene ili mu pulaniyo, yaing'ono ndi yaikulu yomwe. Phatikizani. Yerekezani ndi mtengo wa pulani. Ngati akana kukulemberani mitengoyo, mwalandira kale yankho lanu.

Pali zifukwa zitatu zoona zimene zingacititse pulani ya sevisi kukhala yabwino kuno kwathu. Coyamba ndi Kwacha. Oilo ndi masipeya zimacokera kunja, ndipo mtengo wake umatsata dola. Mu 2013, pamene tinacotsa maziro atatu pa ndalama yathu, dola imodzi inali pafupifupi K5. Mu 2024 inapitirira K25. Pakati pa caka ca 2021 mitengo ya zinthu inali kukwera ndi 24 peresenti ndi kupitirira pa caka. Munthu amene analipiriratu masevisi ake mu Kwacha zinthu zisanakwere anapindula. Komabe mphepo siiomba mbali imodzi yokha: mu 2022 ndiponso mu 2025 Kwacha inalimba, ndipo wolipiriratu pa nthawi ya dola yokwera sanapindule monga anayembekezera. Onetsetsaninso kuti mtengo wa pulaniyo ndi womangika, wopanda ndime yolola galaji kudzaonjezapo.

Caciwiri ndi khalidwe lathu. Tinene zoona: sevisi ndiyo imayamba kukankhidwira kutsogolo ndalama zikacepa. Mwezi wa Januwale ukafika, fizi ya ana ifunika, feteleza afunika, ndipo timati galimoto ikali kuyenda bwino, idikire. Oilo wakale amadya injini mwakacetecete. Sevisi ikakhala yolipiridwa kale, palibe cifukwa cozengereza. Pa galimoto ya gulu, pulani imacotsanso mikangano ya malisiti ndi kukayikirana pakati pa dalaivala ndi msungicuma.

Cacitatu ndi buku lodzaza ndi zidindo za galaji yovomerezeka. Limateteza waranti yanu, ndipo tsiku logulitsa galimoto limakweza mtengo wake.

Koma zifukwa zokanira nazonso ndi zolemera. Cacikulu ndi mtunda. Pulani imagwira nchito ku galaji zovomerezeka zokha. Ngati mtundu wa galimoto yanu uli ndi galaji ku Lusaka kokha, ndipo inu mukhala ku Lundazi, ulendo wopita ndi kubwera ndi makilomita pafupifupi 1,500. Pa galimoto yoyenda makilomita 10 pa lita imodzi, amenewo ndi malita 150 a dizilo, kuonjezapo malo ogona, cakudya, ndi masiku atatu osagwira nchito. Sevisi imene munaiyesa yolipiriratu mwailipira kawiri. Conco musanasankhe ngakhale mtundu wa galimoto, yambani mwafunsa kumene kuli galaji yake yapafupi, ndi ngati amasunga masipeya pomwepo.

Cina ndi fumbi. Mabuku a galimoto amanena poyera kuti galimoto yoyenda m'misewu ya fumbi, yonyamula katundu wolemera kapena yokoka ngolo iyenera kusinthidwa oilo ndi mafyuluta pafupipafupi kuposa masiku onse. Pulani zambiri zimawerengera masevisi a galimoto ya pa tala. Masevisi apakatiwo, amene lole ya kumudzi iwafuna ndithu, mudzalipira nokha.

Cina ndi ngongole. Wogulitsa amakonda kunena kuti, "Tingoziika pamodzi ndi ngongole ya galimoto, simudzamva kulemera." Tiyeni tiyese ndi manambala ongoyerekeza. Tinene kuti pulani ndi K40,000, ndipo banki ifuna ciongoladzanja ca 25 peresenti pa caka, cimene mabanki athu anali kucipitirira mu 2024. Mukabweza mwezi ndi mwezi kwa zaka zinai, K40,000 ija idzakhala itakudyerani ndalama zoposa K63,000. Mwalipira ciongoladzanja pa oilo amene sanathiridwe nkomwe mu injini. Ngati pulani simungathe kuilipira ndi ndalama za m'manja, phindu lake lonse lapita ku banki.

Cotsiriza, funsani cimene cidzacitika galimoto ikabedwa, ikaonongekeratu pa ngozi, kapena mukaigulitsa pangano lisanathe. Kodi ndalama yotsalayo idzabwezedwa? Kodi pangano lipita kwa mwini watsopano?

Malamulo akuti ciani?

Maiko ena anaona kuti ogula akupanikizidwa, naikapo malamulo. Ku America, lamulo la 1975 lochedwa Magnuson-Moss limaletsa wopanga katundu kukakamiza wogula kugwiritsa nchito masipeya kapena galaji yake yokha kuti waranti ikhalebe yamoyo. Ku South Africa, kuyambira pa 1 Julaye 2021, bungwe loona za mpikisano wa malonda linalangiza kuti mtengo wa pulani ya sevisi uzionetsedwa padera ndi mtengo wa galimoto, kuti wogula akhale ndi ufulu woikana, ndi kuti kupita kwa makanika wodziimira payekha kusaphe waranti yonse. Zimenezi zitiphunzitsa cinthu cimodzi: pulani imene amati ndi "yaulere" si yaulere konse, mtengo wake wangobisika m'kati.

Koma malamulo amenewo ndi a maiko ao, sagwira nchito pa Great East Road. Kuno kwathu tili ndi lamulo la 2010 loteteza ogula, ndi bungwe la CCPC limene limalandira madandaulo. Lamulolo limaletsa wamalonda kunamiza wogula kapena kumugulitsa katundu woonongeka. Komabe pa nkhani ya kumene muyenera kucitira sevisi, tsatani zimene zalembedwa m'buku la waranti yanu. Pamene waranti ya fakitale ikali yamoyo, ife tikulangizani kupita ku galaji yovomerezeka, ngakhale ili yodula. Kutaya lonjezo la injini yathunthu pofuna kupulumutsa mtengo wa fyuluta si nzeru. Ndipo kumbukirani kuti bungwe lililonse lolandira madandaulo lidzafuna kuona pepala. Mau a pakamwa a wogulitsa sadzapezeka tsiku la mlandu, mwina ngakhale mwini wakeyo adzakhala atasintha nchito.

Nkhokwe ya galimoto

Makolo athu sanali kudya mbeu. Pokolola anali kupatula ya cakudya, ya msonkho, ndi yodzabzala caka camawa. Galimoto ya malonda ifuna mwambo womwewo. Pa ulendo uliwonse, musanawerenge phindu, patulani gawo la galimoto: la sevisi, la matayala, ndi la matenda osayembekezeka. Liikeni m'buku la ku banki lapadera, losainira anthu awiri, bambo ndi mai kunyumba, kapena wapampando ndi msungicuma m'gulu. Ndalama imene mukanapatsa kampani ya waranti ikhale yoyamba kulowa m'nkhokwe imeneyi. Galimoto ikadwala, ndalama ilipo, ndipo palibe wokufunsani za tizilembo ting'onoting'ono. Ikapanda kudwala, ndalamayo ndi yanu, ndipo ndi poyambira kugula galimoto ina.

Tidziwa kuti nkhokwe yotere ili ndi anankafumbwe ake. Maliro agwa, wodwala afuna kupita ku cipatala, mwana wa mlongo wathamangitsidwa ku sukulu, ndipo onse adziwa kuti kwa amalume kuli ndalama ya galimoto. Kukana nkovuta. Apa munthu aliyense adziyese yekha moona mtima. Ngati mudziwa kuti ndalama siigona m'nyumba mwanu, ndi bwino kuipereka ku galaji monga pulani ya sevisi kusiyana ndi kupha injini ndi oilo wa caka catha.

Ndipo tisaiwale kuti mlonda weniweni wa galimoto ndi amene amakhala pa ciongolero. Dalaivala amene amayang'ana oilo ndi madzi m'mawa uliwonse, amene amakhetsa madzi a m'fyuluta ya dizilo, amene amaima nyali yofiira ikayaka, amene amakana thumba la makumi awiri ndi limodzi, ameneyo aposa pepala lililonse limene mungagule. Mlipireni bwino ndi pa nthawi yake, kuti asayesedwe kugulitsa dizilo kapena kunyamula katundu wa mseri.

Mau otsiriza

Tsono tinene ciani? Waranti ya fakitale ndi yanu kale. Isungeni posunga malamulo ake. Pulani ya sevisi itengeni ngati zinthu zitatu zakwana: mtengo wake ndi wocepa poyerekeza ndi masevisi olembedwa pa pepala, galaji ili pafupi ndi kumene galimoto imagwira nchito, ndipo mulipira ndi ndalama za m'manja. Pulani yaikulu iyenera okhawo amene amayenda mitunda yaitali kotero kuti mabuleki ndi kilachi zidzathadi pangano lisanathe. Waranti yoonjezera musaigule tsiku logula galimoto. Dikirani, ndipo mudzaigule pokhapo ngati matenda amodzi aakulu angagwetse banja kapena gulu lanu, ndiponso ngati wolonjezayo ndi wodziwika.

Koposa zonse, musasaine tsiku lomwelo. Pemphani mapepala onse mupite nao kunyumba. Awerengeni pamodzi ndi akazi anu kapena amuna anu, pakuti ndalamayo ndi ya nonse awiri. A m'komiti awerenge pa msonkhano, ndime ndi ndime, ndipo ngati Cingelezi cake cavuta, itanani mphunzitsi kapena makanika wodalirika akumasulireni. Wogulitsa woona mtima sadzakwiya mukamupempha sabata imodzi. Amene akuti mwai utha lero lomwe, mlekeni uthe. Safunsa anadya phula, ndipo walira mvula walira matope: amene wafuna galimoto wafunanso masevisi ake, ndipo ndi bwino kuwawerengera ali khale pansi pakhomo pake.

Mwezi wamawa tidzakambirana za inshuwalansi ya ngozi za pamseu, imene ndi nkhani ina yosiyana ndi iyi. Pitirizani kutilembera makalata anu.